Perpetua wa ku Carthage, mayi woyamwitsa amene anakana kusintha dzina

"Bambo, mukuuona mtsuko uli apowo?"

"Ndikuuona."

"Kodi mungautchule dzina lina, losiyana ndi chimene uli?"

"Ayi."

"Inenso sindingadzitchule dzina lina koma chimene ndili. Ndine Mkhristu."

Mawu amenewa anayankhulidwa zaka zoposa 1,800 zapitazo kumpoto kwa Africa, m'dera la mzinda wa Carthage, womwe mabwinja ake ali pafupi ndi Tunis m'dziko la Tunisia lero. Wofunsayo anali Vibia Perpetua, mayi wa zaka pafupifupi 22, wa m'banja lolemekezeka, wophunzira, wokwatiwa, ali ndi mwana wamwamuna wapabere. Bambo ake atangomva liwu loti "Mkhristu" anamulumphira ngati akufuna kumukolowola maso, koma anangomukhutchumula n'kutuluka. Sipanapite nthawi yaitali, m'chaka cha 203, Perpetua anaphedwa m'bwalo la masewera anthu akuonerera, ndipo Mpingo umamukumbukira pa 7 March pamodzi ndi mnzake Felicitas.

Amayi oyera ambiri a m'zaka zoyambirira za Chikhristu, monga Agnes, Cecilia ndi Lucy, timawadziwa kudzera m'nkhani zimene anthu ena analemba iwo atamwalira kalekale. Za Perpetua n'zosiyana. Cholembedwa cha m'Chilatini chotchedwa Passio Perpetuae et Felicitatis, kutanthauza masautso a Perpetua ndi Felicitas, chili ndi mawu a anthu atatu. Pali mkonzi wosadzitchula dzina amene analemba chiyambi ndi mathero. Pali gawo lalifupi la Saturus, mphunzitsi wawo. Ndiye pali gawo lapakati, limene mkonziyo akuti Perpetua analilemba ndi dzanja lake ali m'ndende. Akatswiri ena amakayika ngati mawuwo anatifika osakhudzidwa, koma ambiri amavomereza kuti ndi akedi, ndipo amawayika m'gulu la zolemba zakale kwambiri za mayi wachikhristu zimene zilipobe. Ine ndikamawerenga, chimene chimandikhutiritsa ndi tinthu tating'ono: kutentha kwa m'ndende, nkhawa ya mwana amene wafooka ndi njala, mantha a mabere otupa mwana akasiya kuyamwa mwadzidzidzi. Mwamuna wopeka nkhani ya munthu woyera kawirikawiri sakumbuka zimenezo.

Mlandu wa dzina

Aroma sanali anthu oletsa zipembedzo. Mu Carthage munali akachisi a milungu yambiri, ina yochokera ku Roma, ina ya eni dera amene anangoiveka mayina a Chilatini, monga Saturn ndi Caelestis. Munthu ankapembedza amene wamukonda, bola asakane nsembe ya boma, makamaka yopempherera moyo wa mfumu. Kwa iwo chipembedzo sichinali nkhani ya mumtima kwenikweni. Unali mwambo wosunga mtendere pakati pa mzinda ndi milungu yake, ndipo wokana mwambowo ankaoneka ngati munthu woputira mudzi wonse tsoka. Tertullian, Mkhristu wolemba wa ku Carthage komweko, ananyogodola zimenezi cha m'ma 197. Anati mtsinje wa Tiber ukasefukira, Nile akapanda kusefukira m'minda, kukagwa chilala, chivomezi, njala kapena mliri, anthu amangofuula kuti Akhristu aponyedwe kwa mkango.

Kayendetsedwe ka milanduyi kanali katakhazikika kale. Cha m'ma 112 bwanamkubwa wina dzina lake Pliny analembera mfumu Trajan kufunsa chochita ndi Akhristu. Yankho linali loti asawasake, koma wina akawaneneza n'kupezeka kuti ndi Akhristudi, alangidwe; wokana Chikhristucho n'kupereka nsembe kwa milungu akhululukidwe. Ndiye taonani kudabwitsa kwa mlandu wake. Wakuba samasulidwa chifukwa chonena kuti waleka kuba. Mkhristu ankamasulidwa ndi mawu amodzi komanso kalubani pang'ono pamoto. Chitseko chinali chotsegula mpaka tsiku la chigamulo, ndipo aliyense, kuphatikizapo bambo a Perpetua, ankadziwa zimenezo.

Kuzunza Akhristu kwa mu ufumu wonse kunadzayamba ndi mfumu Decius cha m'ma 250. Zisanafike pamenepo zinkangobuka apa ndi apo, malinga ndi mtima wa bwanamkubwa ndi phokoso la anthu. Ku Carthage magazi anali atakhetsedwa kale pa 17 July 180, pamene Akhristu 12 a ku Scilli, asanu mwa iwo amayi, anadulidwa mitu. Perpetua anabadwa cha m'nyengo yomweyo. Pamene ankamangidwa, mfumu inali Septimius Severus, yemwenso anali wa mu Africa, wobadwira ku Leptis Magna m'dziko limene lero ndi Libya.

Anagwidwa anthu asanu, onse akatekumeni, ophunzira amene anali asanabatizidwe: Perpetua, Saturninus, Secundulus, ndi akapolo awiri, Revocatus ndi Felicitas. Saturus, amene anawaphunzitsa, sanalipo tsiku logwidwalo, koma anakadzipereka yekha. Ubatizo anaulandira ali kale m'manja mwa alonda. Perpetua akuti Mzimu anamuuza kuti pa madziwo asapemphe china chilichonse koma kupirira kwa thupi. Sanapemphe kumasulidwa, sanapemphe chozizwitsa.

Patapita masiku ochepa anawatsekera m'ndende yeniyeni, ndipo iye sakubisa kuti anachita mantha, pakuti mdima wotere anali asanauonepo. Munali motentha chifukwa cha kuthinana, asilikali ankalanda ndalama, ndipo mtima wake unali pa mwana. Madikoni awiri, Tertius ndi Pomponius, anapereka kangachepe kwa alonda kuti omangidwawo azitulutsidwako maola angapo kupita mbali yabwinoko ya ndendeyo. Kumeneko anayamwitsa mwana wake, amene anali atafooka kale ndi njala, anayankhula ndi mayi ake, n'kulimbikitsa mlongo wake. Kenako analoledwa kukhala ndi mwanayo m'ndende momwemo. Pamenepo akuti anachira nthawi yomweyo, ndende inasanduka nyumba yachifumu, moti sanafunenso kukhala kwina kulikonse. Anthu amakonda kutchula mawu a nyumba yachifumuwo ngati umboni wa chikhulupiriro chake, n'kuiwala chimene chinasintha ndendeyo. Anali mwana pamiyendo.

Bambo ake

Tikamva za ofera chikhulupiriro timaganiza za zilombo. M'zolemba za Perpetua mwini wake, zilombo sizitenga malo. Amene akubwerabwera ndi bambo ake, kanayi konse, ndipo ulendo uliwonse akubwera atafookerako.

Ulendo woyamba ndi wa mtsuko uja, bambo waukali. Atachoka, Perpetua akuti anathokoza Mulungu ndipo anapumako masiku amene sanawaone. Ulendo wachiwiri anabwera mphekesera itamveka kuti mlandu uzengedwa. Apa analibenso ukali. "Mwana wanga, chitira chifundo imvi zangazi. Chitira chifundo bambo wako, ngati ndili woyenera kuti unditche bambo. Ndi manja awa ndinakulera mpaka msinkhu uno, ndinakukonda kuposa alongo ako onse. Usandichititse manyazi pamaso pa anthu. Ganizira alongo ako, mayi ako, azakhali ako. Ganizira mwana wako, amene sangakhale moyo iwe utapita. Leka kuuma mtima, ungatiwonongere tonse." Ananena izi akumupsompsona manja, atadzigwetsa kumapazi ake, akulira. Ndipo Perpetua akuwonjezera kanthu kamodzi: sanamutchenso mwana, anamutcha domina.

Liwu limeneli si lachilendo kwa ife. Dona wathu wa m'Chichewa anabwera kudzera m'Chipwitikizi, ndipo gwero lake ndi domina yemweyo. Tangoganizani bambo wa imvi atagwada pamaso pa mwana wake wamkazi, atasiya "iwe" n'kuyamba "inu". M'malamulo a Aroma bambo anali ndi mphamvu pa ana ake moyo wake wonse, ndipo m'maukwati ambiri a nthawi imeneyo mwana wamkazi ankakhalabe pansi pa ulamuliro wa bambo ake ngakhale atakwatiwa. Munthu wamphamvu zoterozo ndi amene anali pansi. Mantha ake sanali opanda pake: banja lodziwika likakhala ndi mwana wophedwa m'bwalo ngati chigawenga, manyazi ndi kukayikiridwa zinkagwera onse.

Perpetua sanawanyoze. Akuti anamva chisoni chifukwa pa abale ake onse, bambo okhawo ndi amene sakanakondwera ndi masautso ake. Anawatonthoza kuti pabwalo la mlandu pachitika zimene Mulungu afuna, pakuti sitili m'manja mwathu koma mwa Mulungu. Bambowo anachoka ali achisoni.

Ulendo wachitatu unali pamlandu penipeni. Omangidwawo anatengedwa mwadzidzidzi ali pakati pa chakudya, kupita nawo pabwalo la mzinda, pomwe chikhamu chinasonkhana. Woweruza anali Hilarianus, amene ankagwirizira udindo wa bwanamkubwa yemwe anali atangomwalira. Itafika nthawi ya Perpetua, bambo ake anatulukira atanyamula mwana uja, n'kumukokera pansi kuchokera pa masitepe: "Pereka nsembe, chitira chifundo mwanayu." Hilarianus naye anathirira ndemanga: achitire chifundo imvi za bambo ake ndi ukhanda wa mwana wake, apereke nsembe yopempherera mafumu. "Sindipereka." "Ndiwe Mkhristu?" "Ndine Mkhristu." Bambowo atapitiriza kumukakamiza, Hilarianus analamula kuti awagwetse pansi, ndipo anawamenya ndi ndodo. Perpetua akuti zinamupweteka ngati amenyedwa ndi iye. Onse anagamulidwa kukaponyedwa ku zilombo.

Atabwerera m'ndende anatuma dikoni Pomponius kukatenga mwana, koma bambo ake anakana kumupereka. Apa akuti Mulungu anachita kuti mwanayo asafunenso bere, nayenso mabere asatupe.

Wowerenga wa kwathu, makamaka wa kumene ana amakhala a kuchikazi, sangadabwe kuti mwanayo anatsala ndi makolo a mayi ake. Kwa Aroma zinali zachilendo, chifukwa mwana wobadwa m'ukwati wovomerezeka anali wa kuchimuna. Komatu m'cholembedwa chonsechi mwamuna wa Perpetua satchulidwa, osati ndi iye, osati ndi mkonzi, osatinso ndi bambo ake pamene ankatchula abale mmodzimmodzi. Akatswiri apereka maganizo osiyanasiyana, ena amati anali atamwalira, ena amati anamutaya chifukwa cha Chikhristu, koma cholembedwacho changokhala chete.

Ulendo wachinayi, tsiku la masewera litayandikira, bambowo anabwera atatheratu. Anazula ndevu zawo n'kuziponya pansi, anadzigwetsa chafufumimba, anatemberera ukalamba wawo, n'kunena mawu amene, malinga ndi Perpetua, akanagwedeza chilengedwe chonse. Yankho lake silinalembedwe. Wangoti anamvera chisoni ukalamba wawo watsoka.

Sindikuganiza kuti wowerenga woona mtima angadutse pamenepa osavutika. Mayi wasiya mwana wapabere ndi bambo wokalamba chifukwa cha kalubani. Alaliki amathamangira mawu a Yesu a pa Mateyu 10:37, oti wokonda atate kapena amake koposa Iye sayenera Iye, ndipo n'zoona kuti Akhristu a nthawi imeneyo ankawamva mawuwo monga alili. Koma Perpetua sanadzionetse ngati munthu amene chikondi cha abale chinamuthera. Chisoni chake akuchibwereza mobwerezabwereza. Kudzipereka kwake kunali koti, akumva ululu wonsewo, sanathe kunena kuti mtsuko si mtsuko.

Maloto anayi

Mlongo wake ndi amene anamuuza kuti apemphe masomphenya, kuti adziwe ngati aphedwa kapena amasulidwa. Yankho la Perpetua likuonetsa mmene ankakhalira ndi Mulungu wake. Akuti ankadziwa kuti amacheza ndi Ambuye, choncho analonjeza mosakayika kuti mawa amuuza.

Analota makwerero amkuwa ofika kumwamba, opapatiza moti ankakwera munthu mmodzimmodzi. M'mbali mwake munali malupanga, mikondo, mbedza ndi mipeni, zoti wokwera mosasamala kapena mosayang'ana kumwamba zimung'ambe. Pansi pake panagona chinjoka. Saturus anakwera koyamba, n'kumuchenjeza kuti chinjokacho chisamulume. Perpetua anati sichimupweteka m'dzina la Yesu Khristu, ndipo anaponda mutu wake ngati sitepe yoyamba. Wodziwa Baibulo amva pano makwerero a Yakobo a pa Genesis 28 ndi mutu wa njoka wa pa Genesis 3:15. Pamwamba anapeza munda waukulu, ndi munthu wamtali wa imvi atavala ngati mbusa, akukama nkhosa, atazunguliridwa ndi anthu zikwizikwi ovala zoyera. Mbusayo anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Wafika bwino, mwana." Anamupatsa kachidutswa ka mkaka woundana, iye analandira ndi manja awiri n'kudya, onse anati Amen. Anadzuka akutafunabe kanthu kotsekemera. Tertullian amatiuza kuti ongobatizidwa kumene ankalawitsidwa mkaka ndi uchi, ndiye kukoma kumeneko sikunali kwachilendo pakamwa pake. Iye ndi mlongo wake anamvetsa kuti ndi imfa, ndipo kuyambira pamenepo analeka kuyembekezera za dziko lino.

Taonani kuti mbusayo ali ndi imvi, ngati bambo aja. Wa imvi wina akumutcha dona, wa imvi wina akumutcha mwana.

Maloto awiri otsatira ndi amene avutitsa kwambiri akatswiri a zaumulungu. Tsiku lina ali pakati pa pemphero, dzina linangotuluka pakamwa pake: Dinocrates. Anali mlongo wake amene anamwalira ali ndi zaka 7 ndi chilonda cha khansa kumaso, imfa imene inanyansa onse oiona. Perpetua anadabwa, pakuti anali asanamukumbukirepo. Usiku womwewo anamuona akutuluka m'malo amdima momwe munali anthu ena ambiri, ali ndi ludzu, wauve, wotumbuluka, chilonda chija chilipobe. Pakati pa awiriwo panali phompho. Pafupi ndi mwanayo panali thamanda lodzaza madzi, koma mlomo wake unali wautali kuposa iye, moti ankanyanyamphira osafikira. Perpetua anamupempherera usana ndi usiku akulira. Tsiku limene anawamanga m'matangadza anamuonanso, ali woyera, wovala bwino, pachilonda patatsala chipsera. Mlomo wa thamanda unali utatsika kufika pamchombo pake, pamwamba pake pali mbale yagolide yosatha madzi. Anamwa, n'kuyamba kusewera monga amachitira ana.

Akatolika akhala akuona pano umboni wakale kwambiri wa kupempherera akufa, ndipo nkhaniyi imatchulidwa pokamba za chiyambi cha chiphunzitso cha purigatoriyo. Akhristu a mipingo ina amati loto si chiphunzitso. Mkanganowu si wa lero. Patapita zaka zoposa 200, Augustine, bishopu wa ku Hippo, anatsutsana ndi munthu amene ankagwiritsa ntchito Dinocrates potsimikizira kuti mwana wosabatizidwa angapulumuke. Augustine anayankha kuti cholembedwachi si Malembo Oyera, ndiponso kuti n'kutheka mwanayo anali atabatizidwa. Kuti bishopu achite kukumbutsa anthu zimenezo, ndiye kuti mawu a mayiyu anali ndi mphamvu zedi m'mipingo ya ku Africa. Koma ine ndimaonanso china chosavuta. Mayi amene wangolandidwa mwana wake akulota mwana waludzu amene sangamufikire, ndipo saleka kupemphera mpaka mwanayo atamwa. Chibale ndi fupa, sichiwola.

Loto lomaliza linabwera kutatsala tsiku limodzi. Pomponius anagogoda pachitseko cha ndende n'kumutsogolera kubwalo. M'malo mwa zilombo kunabwera munthu wa ku Egypt woopsa maonekedwe kudzamenyana naye. Anyamata okongola anabwera kudzamuthandiza, anamuvula, ndipo akuti, "ndinasanduka mwamuna." Anamudzoza mafuta monga ankachitira ndi omenyana. Kenako kunatulukira munthu wamtali kuposa bwalolo, atanyamula ndodo ya mphunzitsi wa omenyana ndi nthambi yobiriwira ya zipatso zagolide. Perpetua anamenya mdaniyo kumaso ndi zidendene, anamugwetsa, n'kumuponda pamutu. Wamtali uja anamupatsa nthambiyo, anamupsompsona, n'kuti, "Mwana wanga wamkazi, mtendere ukhale nawe." Anthu akale ankaona kulimba mtima ngati khalidwe lachimuna, ndipo alaliki ambiri anamasulira kusandukako motero. Koma thupi lachimunalo linali la nkhondo yokha. Pomupatsa mphoto, anamutchula mwana wamkazi. Atadzuka anamvetsa kuti sakamenyana ndi zilombo koma ndi Satana. Ndipo apo ndi pamene anaika cholembera pansi, n'kunena kuti izi ndi zimene wachita kufika dzulo la masewera, za masewerawo alembe amene afuna.

Felicitas, ndi tsiku lenilenilo

Felicitas sanalembe kanthu. Analibe bambo womugwadira, ndipo za iye timazimva kwa mkonzi. Anamangidwa ali woyembekezera, ndipo tsiku likuyandikira anali ndi pakati pa miyezi 8. Lamulo la Aroma silinkalola kupha mayi wapakati, ndiye nkhawa yake inali yoti anzake apita, iye adzaphedwa pambuyo pake pakati pa zigawenga. Kutatsala masiku ochepa anzakewo anamupempherera pamodzi, ndipo matenda anayamba pemphero litangotha. Akubuula ndi ululu, mmodzi wa antchito a m'ndende anamuseka: ukulira chonchi lero, nanga ukaponyedwa ku zilombo udzatani? Felicitas anati, "Pano ndikuvutika ndine. Koma kumeneko mudzakhala wina mwa ine amene adzavutike m'malo mwanga, chifukwa inenso ndidzavutika chifukwa cha Iye." Anachira mwana wamkazi, ndipo mayi wina wa mumpingo anamutenga n'kumulera ngati wake.

Secundulus anafera m'ndende. Otsalawo ankasungidwa mwankhanza chifukwa mkulu wa asilikali anauzidwa kuti angathawe ndi matsenga. Perpetua anamuyang'ana m'maso n'kumufunsa chifukwa chimene sakuwalola kupumako, pomwe iwo ndi akaidi olemekezeka a Kaisara, oti akamenyane pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake. Kodi si ulemu wanu tikakaoneka onenepa? Mkuluyo anachita manyazi, n'kulola abale kumawaona. Kaisara wake anali Geta, mwana wa Septimius Severus. Msilikali woyang'anira ndende, Pudens, anali atayamba kale kuwalemekeza. Chakudya chomaliza, chimene oweruzidwa ankadya anthu akuonerera, iwo anachisandutsa mgonero wa chikondi, ndipo Saturus anauza oonererawo kuti ayang'anitsitse nkhope zawo, kuti adzawazindikire pa tsiku la chiweruzo.

Pachipata cha bwalo anafuna kuwaveka zovala za milungu, amuna ngati ansembe a Saturn, amayi ngati otumikira Ceres. Perpetua anakana. Anati tabwera kuno mwa kufuna kwathu kuti ufulu wathu usaponderezedwe, tapereka moyo kuti tisachite zoterezi, ndipo ndi zimene tinagwirizana nanu. Mkulu wa asilikali anagonja. Ndi nkhani ya mtsuko yomwe ija: ngakhale pakufa, sanalole kuoneka chimene sali.

Amuna anawaponyera kambuku, chimbalangondo ndi nguluwe. Amayi anawakonzera ng'ombe yaikazi yolusa, mosiyana ndi mwambo, pofuna kunyoza ukazi wawo. Anawavula n'kuwakulunga m'maukonde, koma chikhamu chinanyansidwa poona wina ndi mtsikana wanthete, wina wangochira kumene mkaka ukuchucha, ndiye anawabweza n'kuwaveka mikanjo. Ng'ombe inamunyamula Perpetua n'kumugwetsa chagada. Atakhala tsonga anakoka mkanjo wong'ambika kuphimba ntchafu, kenako anapempha chomangira tsitsi. Kwa Aroma tsitsi lomasuka linali chizindikiro cha maliro, ndipo sanafune kuoneka wolira pa tsiku la ulemerero wake. Anaona Felicitas ali pansi, anapita kukamugwira dzanja n'kumudzutsa, ndipo anaima limodzi, dona ndi kapolo. Atawatulutsa kaye, anafunsa ngati wodzuka kutulo kuti atiponyera liti ku ng'ombe ija, ndipo sanakhulupirire mpaka ataona mabala ake. Anaitana mlongo wake ndi katekumeni wina dzina lake Rusticus n'kuwauza kuti alimbe m'chikhulupiriro, akondane, ndipo asakhumudwe ndi masautso awo.

Saturus analumidwa kamodzi ndi kambuku, magazi anamuyenderera thupi lonse, chikhamu n'kumafuula moni wa kumalo osambira, "Wasamba bwino!" Mkonzi anamva m'chipongwe chimenecho ubatizo wachiwiri. Saturus anapempha mphete ya Pudens, anaiviika pabala lake n'kumubwezera ngati chikumbutso. Kenako anthu anafuna kuti otsalawo amalizidwe pakati pa bwalo, iwo akuona. Anadzuka okha, anapsompsonana mwa mtendere monga ankachitira popemphera, n'kulandira lupanga mwakachetechete. Amene anapatsidwa Perpetua anali wophunzira kumene ntchitoyo. Anamubaya pafupa, iye anakuwa, kenako anagwira dzanja lonjenjemera la mnyamatayo n'kulilondolera pakhosi pake.

Mbiri yawo inafala msanga. Tertullian anamutchula Perpetua m'zolemba zake patangopita zaka zochepa. Kalendala ya ku Roma ya chaka cha 354 ili ndi mayina a awiriwa pa 7 March. Ku Carthage manda awo anali m'tchalitchi chachikulu chotchedwa Basilica Maiorum, ndipo nkhani yawo inkawerengedwa pa tsiku lawo. Augustine analalika kangapo pa chikondwererochi, ndipo ankakonda kusewera ndi mayina awo, pakuti perpetua felicitas m'Chilatini ndi chimwemwe chosatha. Pali akatswiri amene amaona m'cholembedwachi fungo la gulu la Montanus, lomwe linkalemekeza kwambiri maulosi atsopano ndi aneneri aakazi, makamaka chifukwa mkonzi akuyamba ndi kunena kuti zochita zatsopano za Mzimu sizichepa poyerekeza ndi zakale. Ena amati umo ndi mmene Chikhristu cha ku Carthage chinalili basi. Mpingo waukulu sunawataye.

M'chaka cha 1907, wansembe wina wofukula zakale, Alfred-Louis Delattre, anapeza zidutswa za mwala m'mabwinja a tchalitchi chija. Anali wa chipani cha White Fathers, chomwe chija chinatsegula mishoni ya Mua mu 1902. Zidutswazo atazilumikiza panatuluka mayina: Saturus, Saturninus, Revocatus, Secundulus, kenako Felicitas ndi Perpetua kumapeto. Pamwala amuna ali patsogolo. M'pemphero loyamba la Ukaristia pa Misa, pomwe wansembe amatchula amayi ofera chikhulupiriro, mayina a amuna anayiwo mulibe, ndipo mndandanda wa amayi umayamba ndi Felicitas, kenako Perpetua, Agatha, Lucy, Agnes, Cecilia ndi Anastasia.

Cholembedwa chija chinasunga mayina a madikoni, a woweruza, a msilikali wa ndende, ngakhale la kamnyamata kamene kanafa ndi zaka 7. Bambo a Perpetua sichiwatchula dzina, ndipo chimawasiya ali chafufumimba, ndevu zili pansi. Ana awiri aja, wamwamuna amene anasiya bere ndi wamkazi wobadwira m'ndende, nawonso alibe mayina.